Kapu Yobooka Kunsi

Dzulo pamsika wa Kabwata ndinaona kapu yachitsulo, mtima n'kubwerera kumudzi ndili mwana. Amayi ankafuna manda a bambo awo kumishoni, koma chiswe chinali chitadya mitanda yonse. Analumbira kuti sabwerera ku Lusaka asanawapeze.

Tikusakasaka m'udzu wonunkha chinyezi, ndinatola kapu yobooka kunsi n'kuwathamangira.

"Amai, onani! Tikamata na phula tizamwelamo."

Anailandira n'kuiyang'anitsitsa. "Ni ya atate iyi. Waitola pati, iwe?"

Sindinkadziwa kuti kapu ya womwalira amaiboola dala n'kuivundikira pamanda pake. Ndinabwerera chokwawa, minga ikundibaya, mpaka ndinapeza pamene mlomo wa kapuyo unadinda m'dothi.

Chaka chino ndikukamangapo chiliza. Chimenecho palibe mwana angachitole.