Mchombo Unkagunda M'zala Zanga

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu, amene amayamba kutisamalira tisanadziwe n'komwe kuti tilipo.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala ku Lisasadzi, m'nyengo yothyola fodya. Amayi anali ndi pakati potopa, koma m'mawa umenewo anali pachigafa, akusoka masamba ndi ife, manja ali bii ndi phula la fodya. Mwadzidzidzi anasiya singano, nagwira mzati. Azakhali anga, mlongo wawo wa abambo, anangowayang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Achimwene, mangani ng'ombe."

Mwa mwambo wathu, mtsikana wosatha msinkhu sayandikira pamene mayi akuchira. Anandikweza pangolo kuti ndingogwira ambulera, ndipo tikafika kuchipatala ndikatsale kunja.

Masiku amenewo munthu sankayenda wopanda khadi la chipani. Tisanafike pamsewu waukulu tinapeza anyamata achipani atapingasa mtengo panjira. Abambo anaonetsa lawo, la amayi ndi la azakhali. Mmodzi wa anyamatawo analoza mimba ya amayi.

"Nanga wam'katimo? Si munthu ameneyo?"

Abambo anavula chipewa, nayamba kudandaula mwaulemu ngati akulankhula ndi apongozi. Mkangano unatalika. Amayi ankaluma nsalu kuti asabuule pamaso pa amuna. Kenaka azakhali anasuzumira pansi pa bulangete, nkhope yawo n'kusintha.

"Amuna nonse pitani uko! Iwe Esinati, taya ambulerayo, bwera kuno."

Anyamata aja anathawira kuseri kwa mtengo wa muwanga. Abambo anamasula ng'ombe, napita nazo patali, atatifulatira.

Mwana anabadwira pomwepo, pamasaka a fodya. Anali wamwamuna, wotuwa ngati phulusa, milomo yakuda, manja ali lende. Sanalire. Ndinali nditaonapo mbuzi zikubereka, ndipo ndinadziwa kuti chete ameneyu sanali wabwino.

Azakhali anamasula pamfundo ya nsalu yawo lezala latsopano ndi ulusi wosokera fodya umene anauwiritsa kale, nandipatsa. Ine ndinaganiza kuti akufuna ndidule, ndipo ndinatambasula dzanja.

"Usadule! Gwira mchombowu ndi zala ziwiri, osafinya. Ukumva chiyani?"

Unali wofunda, woterera, wopotana ngati chingwe cha luzi. M'kati mwake munali kanthu kamene kankamenya zala zanga.

"Ukugunda, azakhali."

"Ndiye kuti akadadya mpweya kwa amake. Ukayamba kufooka undiuze."

Anamupukuta m'kamwa ndi chala, namutembenuza, n'kumamutikita msana mwamphamvu ndi nsalu. Amayi anadzutsa mutu.

"Alamu, bwanji sakulira?"

Azakhali ankangotikita. Ine maso ndinatseka, moyo wanga wonse uli kunsonga za zala. Kugunda kuja kunayamba kutalikirana. Ndinafuna kubisa, ngati kuti kusanena kukanaletsa.

"Ukuchepa, azakhali."

"Pemphera, mwana iwe, koma usasiye."

Mapemphero onse a kusukulu ya Sande anandithawa. Ndinangoti, "Ambuye, mpweya munauzira m'dothi lija, mwatsala nawo wochuluka." Azakhali anaweramira kankhope kaja, naphimba kamwa ndi mphuno ndi milomo yawo, n'kuuzira pang'onopang'ono. Anauziranso. M'zala zanga munatsala kakunjenjemera kokha.

Kachifuwa kanakwera. Anatsokomola ngati mwana wa mphaka, kenaka analira, kulira kokalipa kumene kunadzidzimutsa ng'ombe kutali kuja. Kutuwa kuja kunayamba kuchoka pachifuwa, kufiira kukufalikira mpaka kuzala. Posakhalitsa mchombo unazizira, n'kuyera, n'kukhala chete. Pamenepo m'pamene azakhali anamanga ulusi pawiri, nadula pakati. Pamalo odulapo ndinaona timaenje titatu.

Atamufunditsa mwanayo, azakhali analankhula motsitsa mawu, akuyang'ana kumuwanga kuja: "Uja mumamufuna uja wafika. Bwerani mumufunse nokha khadi." Palibe anabwera. Titadzutsa maso, mtengo unali utachotsedwa panjira.

Ndinadzamvetsa zimene ndinagwira tsiku lija nditakula, ndili ndi pakati panga poyamba. Namwino wa kusikelo ku Kasungu anatijambulira pabolodi. Anati mitsempha ya mwana imayamba kulukika mayi asanatsimikize n'komwe kuti waima, ndipo kamtima kamayamba kugunda nkhope isanaoneke. M'mimba mapapo sagwira ntchito. Mwana amalandira mpweya ndi chakudya kuchokera m'magazi a mayi kudzera pansengwa, koma magazi awiriwo sasakanikirana. Mumchombo muli mitsempha itatu: umodzi wobweretsa magazi abwino, iwiri yobweza otha ntchito. Ndipo mumtima mwa mwana muli kakhomo kolambalalitsa magazi kuti asavutike kupita kumapapo otsekawo. Akangopuma koyamba, mapapo amatseguka, kakhomo kaja n'kuyamba kutsekeka.

Anzanga ankangomvera. Ine misozi inali kutsika, ndikukumbukira zimene Malembo amanena za chingwe cha nkhosi zitatu, ndi za Iye amene amatiluka mobisika.

Mlongo wangayo anamutcha Chipulumutso. Lero ali ndi imvi, ndipo amasoka fodya pachigafa chomwe chija. Chimene ndinaphunzira pangolo ija n'chakuti Mulungu satseka khomo lakale asanatsegule latsopano, koma pakati pa makomo awiriwo pamakhala kanthawi koopsa, pamene munthu wagwira lezala m'manja ndipo mantha akumuuza kuti adule. Ndafikapo pakanthawi kotere kangapo, paukwati, pamatenda, pa ana anga. Nthawi zonse ndimamva mawu a azakhali: ukadagunda, usadule.

Amene anakulukani m'mimba mwa amayi anu akugwirireni chingwe chanu pamene mpweya wachedwa, ndipo asachisiye kufikira mutapuma. Amen.