Manja Awiri a Mayi Rufina

Ku Domwe aliyense ankadziwa kuti Mayi Rufina, ogulitsa kachewere pamsika, sungalandire kanthu kwa iwo ndi dzanja limodzi. Unkangomva, "Linalo mwasiya kunyumba?" Ngakhale kothawa nkhondo ku Dedza, pamzere wa ufa, ana awo ankalandira ndi manja awiri. Ankati umphawi si chifukwa chotayira ulemu.

Mu 2012 madokotala a ku Tete anawachotsa bere lakumanzere chifukwa cha khansa. Anachira, koma mkono wa mbali yomweyo unatupa n'kumalemera ngati musi. Anangoukulunga ndi nsalu ya kapulana n'kubwerera kumsika, zaka khumi n'kutha. Pamkonopo patatuluka mawanga akuda, iwo anati ndi matumba a kachewere awakhula. Kukanika kwake mayi ameneyu! Mawangawo atayamba kuchucha magazi, mwana wawo Arlete anachita kuwakokera pa shapa, minibasi ya kwawoko, mpaka ku Tete.

Dotolo anatengako kanyama kukayeza, ndipo zotsatira zitabwera sanapite m'mbali. "Mayi, iyi ndi khansa ina, yosowa kwambiri. Imamera pamkono umene watupa kwa zaka zambiri. Kuti mukhale ndi moyo, tiyenera kudula mkono wonse, kuyambira paphewa."

Anawapatsa sabata yoti akaganize. Sabata imeneyo Mayi Rufina sanakhale pansi. Ankapita kudimba n'kubwerako khasu losagwira dothi, ankasesa pabwalo posesedwa kale, ankanyamuka wa kumsika n'kubwerera panjira. Imfa ankaiopa ndithu, koma chimene chinkawadya mtima chinali china.

"Ndizikalandira bwanji, Arlete? Ine ndakhala ndikukalipira Domwe yense za dzanja limodzi. Ndisanduke choseketsa?"

"Amayi, tikakuikani m'manda ndi manja onse awiri, mukalandira nawo chiyani?"

Anamuyang'ana mwanayo mwaukali, kenaka anamuuza kuti alonge zovala.

Operasau yodula mkonoyo inatha bwino. Tsiku lachiwiri namwino anabwera ndi kapu ya madzi n'kuwapatsira. Mayi Rufina anangoiyang'ana. Ludzu anali nalo, koma dzanja lotsalalo linakana kuchoka pabulangete, ndipo manyazi anawagwira ngati mwana wakuba.

Arlete anagwada pambali pa bedi. Ananyamula dzanja la mayi ake, n'kuika chikhatho chake pansi pa mkonowo, pomwe lakumanzere lija linkagwira masiku onse.

"Landirani, amayi. Akwana awiri."

Analandira, namwa madziwo akulira.