Utoto Umene Unachedwa Kufika ku Amaramba

Mu 1994, mtendere utabwera, banja la a Waziri linachoka ku Malawi kumene linathawira nkhondo n'kubwerera kwawo m'mbali mwa nyanja ya Amaramba. Nyumba sanaipeze. Anangopeza bwato lawo la mbawa, limene a Waziri analimiza ndi miyala m'bango pothawa kuti asilikali asalione. Atalivuula, linali ndi mng'alu pansi.

Mwana wawo Mastura, wa zaka khumi ndi zitatu, ankaonerera bambo ake akusungunula mapatapata akutha n'kumamata pamng'alupo. Zinkagwira sabata imodzi, madzi n'kuyambanso kulowa. Panyanja a Waziri ankati akapalasa pang'ono, n'kuima kuti akape madzi. Komatu banja lonse linkadya za m'bwato lomwelo.

"Ndikadzaphunzira, baba, ndidzakupangirani chomatira chenicheni," anatero Mastura.

Sukulu yake sinali yamasewera. Ku Malawi ankaphunzira m'Chingerezi, koma kusukulu ya kwawo, m'tauni ya Insaca, anapeza Chipwitikizi. Anamubweza m'kalasi ya tiana tomulekeza m'chiuno, ndipo mayeso analephera kawiri. Anzake anakwatiwa, ena n'kumamuseka kuti akalambira pabenchi. Iye anangoluma mano mpaka anakafika kuyunivesite ku Maputo, kumene anakhala wofufuza za utoto ndi mapulasitiki.

Anasankha mafuta akuda, owotcha khungu, a m'makoko a mtedza wa kaju. Akawaphika ndi mankhwala ena, tizigawo ta mafutawo tinkalumikizana ngati unyolo n'kuuma, kusanduka kachikopa kopyapyala kosadutsa madzi. Anapaka timatabwa mazanamazana, kutiviika, kutiyanika padzuwa, kutiviikanso. Tambiri tinasupuka. Kenako kamodzi kanatha miyezi isanu ndi itatu m'madzi utoto uli gwa.

A Waziri atamva, anaimba foni.

"Ndamva tinta yako yopaka mabwato ija yayamba kugwira, mwanangu. Tumiza chitini chimodzi pa chapa, minibasi yobwera kuno ija. Bwato latopa."

"Dikirani pang'ono, baba. Sindinamalize kuiyesa. Ndikufuna yoti ikhale zaka zisanu."

Apa ndi pamene ine ndimagwira kumutu. Ophunzira ali ndi nthenda yawoyawo. Mastura ankaopa manyazi, kuti asodzi adzati utoto wa mwana wa a Waziri wasupuka ngati khungu la njoka. Chaka chotsatira bambo ake anapemphanso, iye n'kuyankha chimodzimodzi. Chaka chachitatu sanapemphenso, ndipo iye anaganiza kuti amvetsa. Akulu anati ndionetsetse adathetsa nkhosa.

Utoto unatheka ndithu. Akatswiri anauyamikira, dzina la Mastura linamveka. Ananyamula zitini zinayi, ulendo wa kwawo, chimwemwe chili chodzaza tsaya.

Anapeza bambo ake atakhala pansi pa mtengo wa mango, akusoka ukonde wa eni ake.

"Bwato lili kuti, baba?"

"Linang'ambika mwezi wathawu, ndili pakati pa madzi. A Bwanausi, anzanga aja, ndiwo anandivuula. Ukonde unapita. Zotsala za bwatolo amayi ako anawaza nkhuni."

"Bwanji simunandiuze?"

"Unali pa ntchito yaikulu." Anayang'ana zitini zija, n'kupukusa mutu. "Ine sindinkafuna ya zaka zisanu, mwanangu. Ya miyezi isanu ndi itatu ija ikanandikwanira."

Mastura analira ngati kamwana. Anati awagulira bwato lina, koma a Waziri anakana. Mphamvu zinali zitawathera, ndipo chigwereni m'madzi muja mantha sanawachoke. Sanapalasenso mpaka tsiku limene anamwalira.

Zitini zinayi zija Mastura anapakira mabwato a asodzi ena, kuyambira la a Bwanausi. Masiku ano akapeza chinthu chothandiza, ngakhale chikhale chosamalizika, amapita nacho kwa ochifuna n'kuwauza poyera pamene chikuperewera. Koma akafunsidwa za ulemu umene analandira, amangoti, "Ndinapambana mochedwa."

Inu amene mwalephera mayeso, inu amene akukusekani kuti mwakulira m'kalasi, osagwa ulesi. Mtsikana amene analephera kawiri ku Insaca anakafika kutali, nanunso mukafika. Koma pokwerapo musaiwale amene akukudikirani. Chochepa chimene muli nacho m'manja lero, kawapatseni lero lomwe, akadali ndi mphamvu zochilandira.