Mchere wa Matilda

Matilda, amake a Fortune, amagulitsa tomato ndi mpiru pamsika wa Milepa, pafupi ndi pomwe amaima a kabaza. Ndi mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, koma mukanenerera mtengo mopitirira muyeso amakuyang'anani mpaka manyazi akugwireni. Benchi langa layandikana ndi lake, ndiye zambiri za moyo wake ndinazionera pafupi.

Mwamuna wake ndi a Goliati a ku Ndunde, omwe anabwera kudzakhala chikamwini. Dzinalo silinaname: anali chimunthu. Ankakwera chitunda pa kabaza, matumba a chimanga ali kumbuyo, uku akuimba nyimbo za kwaya.

Kenako anayamba kutsokomola. Chifuwa tonse timadwala, palibe anadabwa. Chodabwitsa chinali thupi. Matilda akaphika, iwo ankangolawa n'kukankha mbale, ndipo tsiku limene adya bwino chakudyacho chinkangolowa ngati madzi mumchenga. Lamba anamuboola mabowo atsopano. Anzawo a kabaza anayamba kuwatcha Davide, iwo n'kumaseka nawo, chonsecho njinga yopanda katundu inali itayamba kuwalemera.

Kwathu kuno munthu saonda chabe, pamafunika wina womuondetsa. Mlongo wawo, Nabanda, anafika kuchokera ku Ndunde, anaona nthiti za mchimwene wake, n'kutembenukira Matilda.

"Alamu, ili ndi tsempho. Mumayenda ndi ndani kumsika kwanuko, n'kumabwera kudzathira mchere m'ndiwo za achimwene?"

Akuluakulu amati mkazi akagona ndi mwamuna wina n'kuthira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amatsokomola ndi kuonda mpaka kufa. Nabanda ananena zimenezi pabwalo, anthu akumva, n'kuwonjezera kuti awatenga achimwene ake, banja lithe. Matilda anayang'ana mwamuna wake. A Goliati anayang'ana pansi. Chimene chinamulasa mtima ndi chimenecho, osati pakamwa pa mlamu wake, ndipo ine ndikakumbukira ndimapsabe mtima.

Matilda sanalire pagulu. Kutacha anawakweza pa kabaza ya mnzawo, ulendo wa kuchipatala. Atayeza makhololo anapeza chifuwa chachikulu, TB.

"Adokotala, nanga akuonderanji chonsecho ndimawaphikira?" anafunsa Matilda.

"Si kuphika kwanu ayi, mayi," anayankha adokotala. "Thupi likamalimbana ndi tizilomboti limakhala ngati layatsa moto. Limatentha mafuta, kenako limayamba kudya minofu yake yomwe, chilakolako cha chakudya n'kuthawanso. Ngakhale shuga wawo wakwerako, tiziwayeza pafupipafupi."

Nabanda atamva anangoti, "Tizilombo tilipo, eya, koma anatitsegulira chitseko ndani?" Munthu wotere simungamuthe. Komabe zowatenga anayamba wazisiya, poti kusamala wodwala si kokoma ngati kuloza chala.

Matilda ndiye anasamala. Mankhwala m'mawa uliwonse, phala la nsinjiro, nyemba, dzira likapezeka. Koma mchere anasiya kuthira. Ndiwo ankaziphula zopanda mchere, n'kuika mcherewo m'kambale pambali kuti a Goliati azithira okha. Sananene chifukwa, iwonso sanafunse. Thupi linabwerera pang'onopang'ono, masaya kaye, mphamvu pambuyo. Anthu ankati anenepa, koma miyendo inachedwa kuvomera njinga.

Atamaliza mankhwala, Nabanda anabweranso ndi nkhuku, ati kudzathokoza Mulungu. Ine ndinalipo, ndinathandiza kuisosola. Matilda anaiphika, anapereka, n'kuika kambale ka mchere kaja pambali monga mwa masiku onse. A Goliati anakanyamula, n'kutambasula dzanja kukapereka kwa mkazi wawo, mlongo wawo akuona.

"Amake a Fortune, thirani inuyo. Ndinalakwa kukhala chete tsiku lija."

Nabanda anayamba kuyang'ana kudenga. Ine ndinkati basi, nkhani yatha bwino, tidye. Koma Matilda anangokayang'ana kambaleko, manja ali pamiyendo.

"Mawu amenewa ndinkawafuna tsiku lija, bambo a Fortune, anthu akumva," anatero motsitsa mawu. "Panopa mwachira. Thirani nokha."

Banja silinathe. Amapita limodzi kutchalitchi, amalima limodzi, nthawi zina amaseka. Koma mpaka lero a Goliati amadzithirira okha mchere.