Mpando wa Pambali pa Greenwell

Lois Nangondo anamuona koyamba Greenwell Lamulungu lina atagwada pansi kunja kwa holo imene Amalawi ndi anthu a ku Zambia ankapempherera ku Mulhuddart, m'mbali mwa mzinda wa Dublin ku Ireland. Munthuyo anali atavala suti, koma ankapukuta tayala la galimoto ndi mpango wa m'thumba. Galimotoyo inali yachikasu, yotsika kwambiri moti mimba yake inkangotsala pang'ono kukhudza phula, ndipo inali ndi mipando iwiri yokha. Amayi ena ankakodolana n'kumaseka. Lois sanaseke. Iye anaona kuti bamboyo atamaliza anapinda mpangowo bwinobwino, mbali yakuda mkati, n'kuubwezera m'thumba.

Greenwell anali wa ku Lizulu. Anayamba ndi kuthamangira mabasi ndi chidebe cha kachewere pamutu, kenako anakhala kondakitala wa minibasi ya ku Bangwe. Ku Ireland anafika nthawi imene nyumba zinkamera ngati bowa, ndipo anapeza ntchito yosenza njerwa ndi simenti. Chuma cha dziko chitagwa, zomangamanga zinaima, ndipo amene anali mabwana anayamba kugulitsa katundu wawo pamtengo wolira. Ndi pamene Greenwell anagula galimoto ija. Iye mwini anali atasanduka mlonda, kumalondera nyumba zomwe anamanga nawo, zopanda anthu, zina zopanda ndi mawindo omwe.

Amuna anzake ankamunena kuti wagula chiwala. Ankamufunsa kuti thumba la ufa adzaliika pati.

"Ndisiyeni," ankayankha choncho akuseka. "Ndakulira pachitseko cha minibasi, thako lili panja, mvula ikundimenya. Nanenso ndikhaleko kutsogolo."

Akailiza galimotoyo, mawindo a holo ankanjenjemera, ndipo abusa ankadikira kaye phokosolo lithe asanapitirize zolengeza.

Greenwell ndi Lois ankakhala m'dera limodzi la nyumba za lendi, ndipo m'mawa wambiri ankamupeza ataima pa siteji, akupita ku nyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito. Ankatsitsa galasi.

"Anangondo, lowani ndikakutuleni. Muuma ndi mphepotu apa."

"Zikomo bambo, basi ikubwera," Lois ankayankha maso ali pansi.

Mtima unkafuna. Koma mwamuna wake, Dominiko, anamwalirira ku Dublin konko, ndipo maliro atapita kumudzi iye anatsala chifukwa mapepala ake sankamulola kutuluka m'dziko. Akuchimuna anali asanamusudzule. Alamu ake, a Eston, ankati mwambo sachitira pafoni, abwere kaye. Tsono mkazi wosasudzulidwa aoneke ali awiriwiri ndi mwamuna m'kagalimoto kachikasu kamene aliyense akukadziwa? Nkhani ikanafika kumudzi ku Ntcheu dzuwa lisanalowe. Zimenezi Lois sanamuuze Greenwell. Akanayambira pati?

Mpando uja sunakhalitse wopanda munthu. M'dera lomwelo munali Tiza, namwino wa ku Chipata, amene ankagwira ntchito ku chipatala chachikulu cha St James's. Tiza sankadikira kuitanidwa.

"Ba Green, nipelekeniko ku tauni. Motoka yabwino so, muziyenda mweka?"

Kuyambira pamenepo Lois ankaona zonse ali pawindo la kukhitchini. Ankaona Tiza akukankhira mpando kumbuyo ngati ndi wake. Ankamuona akutsitsa kagalasi n'kumadzola milomo Greenwell akudikira. Koma chimene chinkamuwawa kwambiri chinali chitseko. Tiza ankachimenyetsa, Greenwell n'kutsinzina ngati wapondedwa chala. Munthu wopukuta tayala ndi mpango wa m'thumba! Lois ankadziwa kuti iye akanachitseka ndi manja awiri. Tsiku lina anadzipeza atakhala pa kampando kakafupi ka m'bafa, akuyeserera kulowetsa miyendo yonse pamodzi kuti siketi isakwere. Anachita manyazi ngakhale anali yekha.

Ku tchalitchi ankamupatsa moni Tiza mwaulemu wonse, koma ankaona kuti nsapato zake n'zazitali mopitirira, ndiponso kuti poimba amatsogoza mawu. Lamulungu lina Lois anabweretsa mandasi. Greenwell anatenga awiri n'kuyamikira kuti akumukumbutsa a pa Lizulu. Kenako anapita kugalimoto n'kumupatsira Tiza limodzi pawindo. Sabata yotsatira Lois anabweretsa buledi wogula.

Kumapeto kwa Novembala, chaka cha 2010, atsibweni ake anamuimbira foni. Anati akuchimuna afewa, abwera, akhala pansi ndi akuchikazi, ndipo mwambo wachitika iye kulibe.

"Wasudzulidwa, mwana wa mlongo wanga. Akapezeka munthu, palibe wokuletsa."

Lois analira pang'ono chifukwa cha Dominiko. Atapukuta misozi anatulutsa siketi yake yabuluu n'kuisita.

Sabata yomweyo sinowo inagwa yoti ngakhale azungu okalamba a kuntchito kwake ankati sakuikumbukira. Misewu, madenga ndi mabini zonse zinayera mbee. Mabasi analeka kulowa m'dera lawo. M'mawa wina Lois anavala siketi ija, n'kuvala masokosi akale a Dominiko pamwamba pa nsapato, monga ankachitira anthu kuti asaterereke, n'kuyamba ulendo wopita kumsewu waukulu.

Potulukira m'deralo panali kachitunda. Apo ndi pamene anapeza galimoto yachikasu itatsekereza njira, matayala akumbuyo akungozungulira pamodzimodzi. Greenwell akaponda mafuta, injini inkabangula, thako la galimoto n'kumapita cham'mbali ngati nkhanu. Tiza anali mkati, atafunda sikafu mpaka m'mphuno.

Greenwell anatuluka akupukusa mutu. "Mphamvu zachuluka, Anangondo. Ndikangoikhudza pang'ono ikufuna kuuluka, pamene pansi palibe pogwira."

Lois anayandikira. Mawu anatuluka aang'ono kwambiri.

"Lifiti ija, bambo. Lero ndiifuna."

Greenwell anamuyang'ana, kenako anaseka mpaka nthunzi inatuluka m'kamwa. "Lero? Chaka chonse ndakhala ndikukupemphani, mwasankha tsiku limene chiwala chathyoka miyendo?"

Tiza anatsitsa galasi pang'ono. "Ba Lois, mupando ni umozi chabe. Muzankala pa mendo panga?"

"Iwe Tiza, usanyoze kondakitala," anatero Greenwell. "Ine ndinkakhazika anthu anayi pa mpando wa atatu, wina ali ndi nkhuku. Awiri angandikanike? Anangondo, tikankheni kaye. Tikafika pamwamba paja mulowa."

"Ine sinituluka," anatero Tiza. "Nsapato zanga siza sinowo. Elo nachedwa ku shifiti, ba Green, tiyeni manje."

Lois anapachika chikwama m'khosi n'kupita kumbuyo. Anaika manja pa chitsulo chozizira, ndipo aka kanali koyamba kuikhudza galimotoyo. Pagalasi lakumbuyo ankaona mutu wa Tiza utatsamira bwinobwino pampando. Anakankha ndi mkwiyo wonse umene anausunga chaka chathunthu.

"Pang'onopang'ono! Eya! Musasiye, Anangondo!"

Greenwell anaika giya yachiwiri n'kuponda mafuta mwaulemu. Matayala anamuwaza Lois sinowo yakuda pa siketi yabuluu ija, kuyambira m'chiuno mpaka m'mapazi. Masokosi anagwira pansi. Galimoto inasuntha, inabwerera, inasunthanso, kenako inachoka m'manja mwake moti anagwa chogwada.

Anadzuka msanga n'kuyamba kukwera chitundacho, akusasa siketi, akuganiza kuti alowa bwanji atanyowa chonchi. Galimoto inafika pamwamba ikugwedeza thako. Magetsi ofiira akumbuyo anayaka kamphindi, matayala anayambanso kuterereka, ndipo magetsiwo anazima.

Ntchito yaulonda ija inatha Khirisimasi isanafike, ndipo Greenwell anagulitsa galimoto n'kusamukira ku Leeds kwa msuweni wake. Sinowo inali isanasungunuke, mapemphero anali ataimitsidwa, choncho panalibe mwambo wotsanzikana. Tiza anatsala, ndipo mpaka lero amakwera basi imodzi ndi Lois. Ngati amalemberana ndi Greenwell, Lois sanafunsepo. Iye ndi Greenwell sanaonanenso chichokereni m'mawa umene uja, pamene bamboyo anatulutsa mutu pawindo monga ankachitira pa minibasi ya ku Bangwe, galimoto ikupita, n'kukuwa:

"Anangondo, pepani! Ndikaima apa sindinyamukanso!"