A Loko ndi Chinsinsi Chawo

Muofesi monse ankawatchula kuti a Loko, chifukwa chilichonse chawo chinali chokhoma: kabati, chikwama, ngakhale kachitini ka shuga. Atagula laputopu, anaikamo pulogalamu yosokoneza zonse zam'kati, kuti wakuba wopanda pasiwedi azingoona zilembo zopanda mutu.

"Ngakhale akazitape abwere ndi makina awo, apa alira," ankatero a Loko, akusisita laputopuyo ngati khanda.

Vuto linali limodzi. A Loko sankatha kutayipa atatseka pakamwa. M'mawa uliwonse ankatchinga kiyibodi ndi dzanja lamanzere, chala chakumanja chikujompha ngati nkhuku, kwinaku akutchula mokweza chilembo chilichonse cha pasiwedi. Anzawo anailoweza osafuna n'komwe.

Tsiku lina bamboyu ali kumsonkhano, mlembi ndi akauntanti anaitsegula laputopu ija, akuyembekeza kupeza zinsinsi zikuluzikulu. Anapezamo zithunzi za a Loko atavala suti, ndi za a Loko atatsamira galimoto ya abwana, basi. Anaitseka mwachisoni.

Nthawi ina, pobwera kuchokera kutchuthi, a Loko anaiwala pasiwedi ija. Anayesa iyi, anayesa iyo, thukuta lili kamukamu, mpaka anzawo anatopa n'kuyamba kuitchula onse pamodzi ngati pemphero. Chala chinangotsatira, laputopu n'kutseguka.

A Loko anakonza tayi n'kunena kuti, "Mwaonatu, mutu wangawu suphonya."

Palibe anawatsutsa. Chinsinsi chawo chinali chotetezeka ndithu, poti panalibe amene ankachifuna.