Jakisoni wa Agogo wopanda mankhwala

Mwaswera bwanji nonse.

Tangotsika kombi kuchokera ku Chinhoyi ine ndi Agogo. Paja mutu wowawa uja wakhala ukuwalepheretsa kusankha fodya kushedi, moti a foromani ayamba kunena zoika wina pamalo pawo. Ntchito ikawathera, nyumba imene pafamu anatipatsa kukomboni yapitanso.

Kuchipatala anatitumiza kwa mayi wina woona za minofu. Anawagwiragwira Agogo m'khosi ndi m'mapewa, n'kutulutsa timasingano toonda ngati tsitsi. Ine maso anali pofuna botolo la mankhwala, koma panalibe. Akuti singanoyo imalowa youma, imangomasula mnofu womangika umene ukukoka mutu.

Atabaya paphewa, mnofu unadumpha wokha, ine ndikuona. Agogo anakuwa, "Mayo! Chatuluka!" Mayi aja anangoseka, amvekere m'Chishona, "Ndizvozvo, Gogo, ndi zomwe timafuna."

M'kombi Agogo anandinong'oneza, "Iwe, zija si mphini zija?" Ndinati mphini amapakamo mankhwala, izi ayi. Iwo akuti ndiye zoopsa kuposa, poti chochiritsacho sichikuoneka. Mukudziwa kuti kumpingo kwawo wotemedwa mphini amamuimitsa mgonero.

Chondizunguza n'chakuti mutu wapepukadi, khosi akutembenuza bwinobwino, koma akukana kubwererako sabata yamawa mpaka abusa avomereze. Ndipo akutuma ine kukafotokoza.

A Malume, Azakhali, ndithandizeni. Ndikakati jakisoni, abusa adzafunsa dzina la mankhwala. Ndikakati mphini, awaimitsa. Nanga ndikanene kuti anawachita chiyani?